Kope la Morrowind ndi manotsi anga a m'kalasi

Morrowind ndi gemu yakale. Kampani ya Bethesda inaitulutsa mu 2002, ndipo ukale wakewo ndi umene umachititsa kuti izitheka pa laputopu yomwe achimwene anandisiyira atagula ina ku Moatize komwe amagwira ntchito. Magemu a masiku ano pa makina amenewa satseguka n'komwe. Ndinayamba kuisewera nditabwera kuno ku Ulónguè, m'dziko la Mozambique, kudzaphunzira zaulimi, ndipo chomwe ndikufuna kufotokoza ndi kope lomwe limakhala pambali pa laputopuyo, chifukwa lasintha kalembedwe kanga ka manotsi a kusukulu kuposa malangizo alionse omwe ndinapatsidwapo.

Kwa amene simunaiwonepo, imayamba motere. Umafika pa chilumba cha Vvardenfell uli mkaidi m'sitima yapamadzi, n'kutsitsidwa pa kadoko kotchedwa Seyda Neen. Amakumasula, n'kukupatsa phukusi loti ukapereke kwa mkulu wina dzina lake Caius Cosades mu tauni ya Balmora. Palibe kamuvi kokulozera kumene akukhala. Amangokuuza kuti ukafika kumeneko ukafunse pa malo omwera otchedwa South Wall. Mishoni zonse, ndiye kuti ntchito zomwe umatumidwa m'gemumo, zimayenda choncho. Amene akukutumayo amakulongosolera njira pakamwa, monga momwe agogo kwathu ku Tsangano amalondolera mlendo: udutse linga la asilikali, ukwere chitunda, uwoloke mlatho wakale, khomo ukalipeza kutsidyako. Ukapanda kumvetsera, umazungulira m'mapiri a phulusa mpaka kutopa.

Gemuyi ili ndi buku lake m'kati mwake. Pamene inkatuluka koyamba, bukulo linkangolemba zinthu motsatira masiku, za uyu n'kusakanikirana ndi za uyo, moti kupeza malangizo a mishoni yomwe unalandira kale kunkafuna kutembenuza masamba ambirimbiri. Chigawo chowonjezera chotchedwa Tribunal, chomwe chinatuluka kumapeto kwa chaka chomwecho, chinakonza zimenezi poika mndandanda wa mishoni. Yomwe ndili nayo ine ili ndi mndandandawo. Ndiye funso loti kope ndi lachiyani ndi lomveka, ndipo mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anandifunsa atandiona ndikujambula mizere ndi rula usiku. "Amwene, gemu yakulemberani kale zonse, inu mukuvutikiranji?"

Ine sindisewera tsiku lililonse. Mayeso akayandikira laputopu imakhala ya sukulu yokha. Tchuthi chikafika ndimapita kumudzi kukathandiza kukumba kachewere, ndipo kumeneko batire ikatha yatha. Ndikabwerera n'kutsegula gemu, munthu wanga uja amakhala ataima pakati pa msewu wa tauni ina, thumba litadzaza ndi katundu, ine osadziwa kuti ndinkapita kuti ndiponso chifukwa chiyani ndinanyamula zimenezo. Buku la m'gemu limasunga zomwe anthu anandiuza. Silisunga zomwe ine ndinaganiza nditamva, zomwe ndinkakayikira, kapena zomwe ndinakonza kuchita mawa lake. Zimenezi zimatayika, ndipo ndi zomwe ndimazifuna kwambiri ndikabwerera.

Kopelo ndi lamasamu lija la timabokosi, lomwe limagulitsidwa pamsika uliwonse. Mishoni iliyonse imatenga masamba awiri oyang'anana. Kumanzere ndimalemba amene wandituma, tauni yomwe ali, chimene akufuna, ndi njira momwe ndaimvera. Kumanja ndimasiya popanda kanthu poyamba, kuti pazidzalowa zomwe ndapeza ndikupita. M'mphepete muli kamzere komwe ndimaikamo mafunso okhaokha. Ndipo ndisanazimitse makina, pansi pa tsamba ndimalemba mzere umodzi wonena komwe ndikayambire.

Tsamba lomwe ndimalikonda ndi la Ajira. Ameneyu ndi wophunzira za mankhwala m'gulu la amatsenga ku Balmora, wa mtundu uja wa nkhope ngati ya mphaka. Ntchito yoyamba yomwe amakupatsa ndi kukamutolera mitundu inayi ya bowa m'madambo a m'mbali mwa nyanja: Luminous Russula, Violet Coprinus, Bungler's Bane ndi Hypha Facia. Buku la m'gemu limalemba mayina anayiwo. Koma mayina okha sakuthandiza ukaima m'matope, chifukwa iwiri imamera pansi pomwe iwiri inayo imamera pa thunthu la mtengo ngati timashelefu, ndipo ya pamtengoyo imafanana kwambiri. Pa tsamba langa pali tizithunzi tinayi ta pensulo, pambali pake mawu oti "pansi, pafupi ndi madzi" kapena "pamtengo, yang'ana m'mwamba pang'ono". M'mphepete ndinalemba funso loti kodi bowa ameneyu aliko ndithu padziko. Nditafufuza ndinapeza kuti Russula ndi Coprinus ndi magulu enieni a bowa, pomwe mayina awiri enawo ndi a m'gemu momwemo. Funsolo likanangodutsa m'mutu likanaiwalika usiku womwewo.

Pali masamba ena omwe si a mishoni. Limodzi ndi la maulendo. Mu Morrowind sungadine pa mapu n'kupezeka kumene ukufuna. Umakwera chilombo chachitali miyendo chotchedwa silt strider, kapena bwato, kapena kulipira amatsenga kuti akutumize ku nthambi yawo ina, ndipo chilichonse chili ndi malo ake omwe chimafika. Kuchokera ku Seyda Neen chilombocho chimakufikitsa ku Balmora kapena ku Vivec, koma ku Sadrith Mora sichifika, kumeneko n'kwa bwato kapena kwa amatsenga. Ndinajambula matauni ngati timadontho, n'kuwalumikiza ndi mizere ya mitundu itatu. Tsamba lina ndi la mankhwala. Chomera chilichonse chili ndi mphamvu mpaka zinayi, ndipo mankhwala amatheka ukaphatikiza ziwiri zomwe zili ndi mphamvu yofanana, monga marshmerrow ndi wickwheat zomwe zonse zimabwezeretsa moyo. Ndinapanga tebulo, zomera kutsika pansi, mphamvu kupita chopingasa. Nditayang'ana tebulolo ndinayamba kuona zophatikizana zomwe sindikanaziganizira ndikungotsegula thumba m'gemu.

Zonsezi ndimazilemba m'Chichewa. Gemu ili m'Chingerezi, chomwe kuno timachiphunzira ngati phunziro chabe, sukulu yathu yonse n'kukhala ya Chipwitikizi. Kuti ndilembe m'chiyankhulo cha kwathu zomwe Caius wanena, ndiyenera kuyamba ndazimva. Ngati sindinamve, cholembera chimaima, ndipo ndimabwerera kukawerenganso kapena kutsegula dikishonale ya mufoni. Palibe njira yodumphira.

Apa mpamene ndinayamba kuyang'ana makope anga a kusukulu ndi maso ena. Ambirife tinakula tikukopera. Mabuku ankachepa, ndiye aphunzitsi ankalemba pa bolodi kapena kutchula mawu pang'onopang'ono, ife n'kumalemba liwu ndi liwu. Sindiwaimba mlandu, chifukwa kwa mwana wopanda buku kope limenelo ndiye buku lake. Koma chizolowezicho chimatsalira ngakhale ukafika pamene mabuku alipo. Dzanja limathamanga, tsamba limadzaza bwinobwino ndi mitu yodulidwa mzere wofiira, mutu uli kwina. Munthu ukhoza kulemba tsamba lonse la Chipwitikizi cholondola osamva kanthu, ndipo kopelo silingakuuze kuti sunamve. Kope la gemu lija linali losiyana pa chinthu chimodzi ichi: chilichonse chinalowamo chifukwa ndinkafuna kuchigwiritsa ntchito.

Ndiye ndinatengera kachitidweko m'kalasi. Tsopano tsamba lakumanzere ndi la zomwe aphunzitsi anena, m'Chipwitikizi, mwachidule. Lakumanja ndimalidzaza madzulo, tsamba lakumanzere nditaliphimba ndi pepala, m'mawu anga. Mwachitsanzo, pa phunziro la feteleza, kumanzere kuli NPK 12-24-12 ndi urea wa 46% nayitrojeni. Kumanja ndinalemba ngati ndikufotokozera amalume: wokulitsa uja ali ndi fosifolasi wambiri, amene sayenda msanga m'nthaka, n'chifukwa chake amathiridwa pobzala, pafupi ndi pomwe mizu idzafike, urea amasungunuka msanga ndipo amatha kuuluka kapena kukokoloka, n'chifukwa chake amadikira chimanga chikule kaye ndipo amafuna chinyezi ndi kukwiriridwa. M'mphepete munali funso: nanga bwanji ena kwathu amasakaniza onse awiri n'kuthira kamodzi? Ndinapita nalo kwa aphunzitsi tsiku lotsatira. "Aphunzitsi, kumudzi anthu amachita zakutizakuti, kodi amataya chiyani?" Kukambirana komwe kunatsatira kunakhudza mtengo wa feteleza ndi kuchepa kwa manja pa nthawi yopalira, zinthu zomwe pa bolodi panalibe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma kuti ufunse uyenera kuyamba wadziwa pomwe sukumva, ndipo kamzere ka m'mphepete kaja ndi komwe kamandionetsa.

Pambuyo pake ndinadzamva kuti kugawa tsamba motere si kwachilendo. Walter Pauk wa ku yunivesite ya Cornell ankaphunzitsa njira yofanana nayo m'zaka za m'ma 1950: gawo la manotsi, gawo la mafunso m'mbali, ndi chidule pansi. Palinso kafukufuku wotchuka wa mu 2014, wa Pam Mueller ndi Daniel Oppenheimer, yemwe anapeza kuti ophunzira olemba pa laputopu ankakonda kulemba mawu a mphunzitsi momwe alili, ndipo pa mafunso ofuna kumvetsa ankaposedwa ndi olemba pamanja. Ena omwe anabwereza kafukufukuyu pambuyo pake sanapeze kusiyana koonekera bwino chotero. Ine zimenezi sizindidabwitsa. Amene anaphunzira m'makalasi ngati athu akudziwa kuti pamanja napo umatha kukopera osaganiza. Kwa ine chothandiza si inki kapena pepala, koma kukakamizika kusankha chimene ndilembe ndi kuchinena mwa ine ndekha. Pepala limangothandiza chifukwa dzanja limachedwa, ndiponso kujambula bowa kapena mzere wolumikiza matauni n'kosavuta ndi pensulo.

Osewera akale ankadziwa zimenezi. Wizardry ya mu 1981 inalibe mapu odzijambula okha, anthu ankajambula njira za m'mapanga pa pepala la timabokosi, sitepe iliyonse bokosi limodzi. Kenako opanga magemu anayamba kuchepetsa ntchitoyo. Oblivion ya mu 2006 ndi Skyrim ya mu 2011, zonse za kampani yomwe inapanga Morrowind, zimaika kachizindikiro pa kampasi kokutsogolera mpaka pakhomo. Skyrim ndinaisewerako kwa mnzanga mumzinda wa Tete, ndipo ndi yokongola zedi, koma lero sindingajambule njira ngakhale imodzi ya mmenemo, pomwe ya ku Balmora kupita ku mabwinja a Arkngthand ndikhoza kuilongosola laputopu ili yotseka. Elden Ring itatuluka mu 2022 yopanda mndandanda wa mishoni, osewera ambiri anadandaula, ena n'kubwerera ku makope. Sindikunena kuti wodandaulayo walakwa. Munthu amene wagwira ntchito tsiku lonse ali ndi ufulu wofuna gemu yomupumitsa, osati yomupatsa homuweki.

Mnzanga wa m'chipinda uja iye amati njira yachidule ndi kuonera pa YouTube munthu amene anamaliza kale, kapena kuwerenga mayankho pa intaneti. Amatero ndithu, mamega akakhalapo, ndipo amamaliza mishoni msanga kuposa ine. Pa gemu sindilimbana naye, aliyense amasewera mokomera mtima wake. Chomwe ndimatsutsana naye n'choti amachitanso chimodzimodzi ndi sukulu. Amajambula ndi foni manotsi a munthu wina, zithunzi n'kudzaza m'foni, n'kumaona ngati waphunzira. Ndamuuzapo kuti zithunzizo zili ngati buku la m'gemu, zasunga zonse zomwe zinanenedwa koma palibe chake iye m'menemo. Amandiyankha kuti mayeso amakhoza ndithu, ndipo n'zoona, amakhoza. Nkhaniyi sitinamalize kukambirana.

Kumene kachitidwe aka kandithandiza kwambiri ndi kumunda woyeserera. Tinapatsidwa timinda ta chimanga toti tiziyang'anira, ndipo aliyense amayenera kusunga zolemba zake. Ine ndinangotenga kalembedwe ka mishoni: tsiku, chimene ndaona, chimene ndikuganiza kuti chachititsa, ndi choti ndidzayang'ane ulendo wotsatira. Tsiku lina ndinaona timabowo ndi timalo toyera pa masamba anthete, ndi tizinthu ngati utuchi m'kati mwa nsonga ya chimanga. Ndinajambula tsambalo, ndinalemba mizere yomwe ndinazipeza, n'kuika funso m'mphepete ngati ndi ntchemberezandonda zachilendo zija zomwe zinafika m'dziko muno mu 2017 kapena kapuchi wakale. Pansi ndinalemba kuti ndibwere m'mamawa, nditsegule nsonga, ndiyang'ane pamutu pa mbozi ngati pali chizindikiro chonga Y chozondoka ndi madontho anayi kumchira. Zinalipo. Chifukwa ndinali nditalemba mizere yake ndi tsiku, ndinatha kuonetsa aphunzitsi mbali ya munda yomwe zinayambira ndi momwe zinafalikira.

Pa phunziro la masamu a kafukufuku njirayi siyenda bwino. Ndayesa kulemba kumanja m'mawu anga tanthauzo la njira zowerengera, ndipo ndimamva ndithu, koma akandipatsa manambala enieni ndimachedwabe. Kumeneko chofunika ndi kuchita masamu ambiri mpaka dzanja lizolowere, ndiye tsamba lakumanja ndaliyamba kulidzaza ndi mafunso a mayeso akale m'malo mwa zofotokoza. Manambala oyeserera ndikutenga m'kope la kumunda lija, a kutalika kwa chimanga mzere ndi mzere, chifukwa amenewo ndinayeza ndekha ndipo yankho likatuluka lachilendo ndimatha kulizindikira.