Funso la Ramanuja kwa Shankara

Masiku ano ndikuwerenga za aphunzitsi atatu a Chihindu ochokera kum'mwera kwa India: Shankara, Ramanuja ndi Madhva. Onse atatu analemba ndemanga pa buku limodzi lomwelo, Brahma Sutra, koma aliyense anatulukamo ndi chiphunzitso chake.

Shankara anabadwira ku Kalady, m'dera la Kerala, cha m'zaka za m'ma 700, ndipo mbiri imati anamwalira ali ndi zaka 32 zokha. Iye ankaphunzitsa kuti chimene chilipodi n'chimodzi, Brahman, yemwe ndi maziko a zonse, ndipo mzimu wa munthu si wosiyana naye. Kusiyana kumene timakuona n'chipatso cha umbuli. Otsatira ake amapereka chitsanzo cha munthu woona chingwe kukuchita mdima n'kuthawa poganiza kuti ndi njoka. Mantha ake ndi enieni, koma njokayo kulibe.

Madhva wa ku Udupi, wa m'zaka za m'ma 1200, anakana zimenezi kwamtuwagalu. Kwa iye Mulungu, mizimu ndi zinthu n'zosiyana mpaka kalekale.

Amene wandigwira mtima ndi Ramanuja, yemwe anatumikira pakachisi wa Srirangam cha m'zaka za m'ma 1000 ndi 1100. Asanatsutse chiphunzitso cha Shankara, anayamba wachifotokoza motalika ndi mwachilungamo, mfundo ndi mfundo, osachipeputsa. Atatero m'pamene anafunsa kuti: umbuli umenewu umakhala mwa ndani? Ukati uli mwa Brahman, zingatheke bwanji pamene Brahman ndi chidziwitso chokhachokha? Ukati uli mwa munthu, pajatu munthu payekha ndiye chipatso cha umbuliwo, ndiye chipatso chingatsogolere bwanji mtengo wake? Ili ndi limodzi mwa mafunso 7 amene anadzutsa pa nkhani ya umbuli, ndipo otsatira a Shankara akhala akulimbana nawo kwa zaka mazana ambiri.

Yankho la Ramanuja linali lakuti dziko ndi mizimu ndi zenizeni, ndipo zili kwa Vishnu, Mulungu amene iye ankapembedza, monga thupi lilili kwa mzimu: n'zosalekanitsika naye, komabe si iyeyo. Apa mtima wanga watsamira kwa Ramanuja, chifukwa wopembedza amafunika wina woti amukonde, ndipo chikondi chimafuna awiri. Komabe maganizo a Shankara ndi ozama, ndipo sindikufuna kuwasiya msanga. Tsopano ndikufufuza mmene otsatira ake anayankhira funso la kumene umbuli umakhala, popeza ena anati umbuli uli mwa munthu pamene ena anati uli mwa Brahman.