Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Chimanga Chophika ndi Phulusa

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene katundu wathu anafika ku Area 25, mabokosi ena atanyowa m'njira. Lero ndikulowetsani kukhitchini, poti miyezi yoyamba titabwerera kuno kwathu, mlandu waukulu m'nyumba sunali wa ndalama kapena wa ntchito ayi. Unali wa mbale ya mwana wanga wamkazi.

Mwanayu anabadwira ku San Antonio, ku Texas, ndipo anakulira komweko mpaka msinkhu wa mwana wa sitandade 5. Nsima ankadya ndithu, makamaka masiku amene sindinapite kuntchito. Koma masiku ena onse ndinkagwira ya usiku kunyumba yosamalira okalamba, ndiye m'mawa ndikaweruka, maso ali psu, ndinkaima pa kanyumba kena kogulitsa ma taco a m'mawa. Taco imakhala tortilla (kabuledi kopyapyala konga chapati) ya ufa wa tirigu, yofewa, yotentha, mkati ataikamo mazira okazinga ndi mbatatesi, kapena nyemba zokanya ndi tchizi, n'kukulunga m'foyilo. Ku San Antonio chimenechi ndiye chakudya cha m'mawa cha aliyense, womanga nyumba ndi dokotala yemwe. Lamulungu anthu amalawirira pa mzere kukagula barbacoa, nyama ya m'masaya a ng'ombe yophikidwa usiku wonse mpaka kufewa kuti tepetepe, n'kumatsitsira ndi Big Red, chakumwa chofiira chozuna mopyola muyeso. Chakumwacho mpaka lero sindichimvetsa.

Amene ankandigonera ndi mwana anali mayi ena a nyumba yoyandikana nafe, ochokera ku Monterrey. Tinkangowaitana kuti Señora. Ndikabwera ndi ma enchilada ogula, amene ndi ma tortilla okulunga, osambira mu tchizi wachikasu ndi msuzi wa nyama wabulauni, ankapukusa mutu.

"Izi n'za ku Texas, mwana wanga. Kwathu sitidya chonchi."

Ankanena zoona, koma chakudyacho chili ndi eni ake. Texas inali mbali ya Mexico mpaka 1836, ndipo mabanja olankhula Chisipanishi amene malire anawapeza ali pomwepo anapitiriza kuphika ndi zimene zinali pafupi nawo: nyama ya ng'ombe yambiri, ufa wa tirigu, chokometsera chotchedwa cumin, kenako pambuyo pake tchizi wa m'fakitale. M'ma 1880 amayi otchedwa Chili Queens anali atatchuka kale ndi chili con carne, nyama yophika ndi tsabola, amene ankagulitsa usiku m'mabwalo a San Antonio, ndipo anagulitsa mpaka a zaumoyo anawathamangitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Imeneyo ndiye Tex-Mex. Ine ndimaikonda, ndipo sindichita nayo manyazi. Komabe m'khitchini mwa Señora munkamveka fungo lina, la tortilla ya chimanga ikupsa pa chitsulo chouma, ndipo mwana wanga anakula nalo fungo limenelo.

Titafika ku Lilongwe anayamba kusewera ndi chakudya. Atapa nsima kawiri, wadzuka. Agogo ake akuchimuna anayamba kulankhula za njoka za m'mimba. Tsiku lina bambo ake anatitengera kumalo ena odyera mumzinda muno, amene papepala lawo analembapo mawu oti Mexican. Anatibweretsera nkhuku yokulunga m'chinthu chozizira chochokera m'paketi, atathiramo mayonezi ndi sosi wozuna, pambali pali tchipisi. Mwana anadya tchipisicho. Ndalama imene tinasiya pamenepo inali yokwana thumba la makala.

Maso anatseguka pa Lizulu, tikupita kumudzi ku Ntcheu. Amene mumadutsa msewu wa M1 mukudziwa mmene pamakhalira: galimoto isanaime bwino mabeseni afika kale pawindo. Ndinayang'ana tomato, anyezi, nyemba za mitundumitundu, tsabola, mapeyala, ndipo ndinaona kuti zonse za patebulo la Señora zili pano, zotchipa komanso zokoma kuposa za mu H-E-B, sitolo yaikulu ya ku Texas. N'zosadabwitsa. Chimanga chimene timalumbirira kuti ndi moyo wathu chinayambira kum'mwera kwa Mexico, m'chigwa cha mtsinje wa Balsas, zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, kuchokera ku udzu wotchedwa teosinte. Kuno ku Africa chinafika ndi zombo za Apwitikizi cha m'ma 1500. Tomato, mapeyala, tsabola ndi nyemba timadyazi, kwawo ndi ku America konko.

Zambiri sizinavute. Tortilla ya tirigu ndi ufa, mchere, mafuta pang'ono ndi madzi ofunda. Ukakanda uusiye upume theka la ola, kenako uyale ndi botolo mpaka upyapyale, n'kuwotcha pa chiwaya chopanda mafuta. Nyemba ndinkaphika za kholophethe, zikapsa n'kuzikazinga m'mafuta a nkhumba ndi anyezi, kwinaku ndikuziphwanya ndi chipande. Cumin ndinamupeza m'sitolo za amwenye, kumene muyenera kufunsa kuti jeera, ndipo masamba a cilantro amayi a mumsika amawadziwa kuti dhania. Tsabola wa ku Mexico wotchedwa jalapeño kunalibe, koma kambuzi mmodzi wodula bwino mu tomato, anyezi ndi madzi a mandimu amagwira ntchito, ndipo kafungo kake ine ndimati kamaposa. Nyengo ya mapeyala ikafika, guacamole, mapeyala okanya aja, amachita kutsala m'mbale, chinthu chimene ku Texas umalipira padera pa kasupuni kamodzi.

Fajita nayo sinandivute. Poyambirira inali nyama ya anthu osauka, kachidutswa kopyapyala ka kunsi kwa nthiti kamene abusa a ng'ombe a m'chigwa cha Rio Grande ankapatsidwa ng'ombe ikaphedwa. Kubutchala ndinachita kuloza ndi chala, ndipo mnyamata wodulayo anandifunsa ngati ndi ya agalu. Ukainyika m'mandimu, mchere ndi adyo, n'kuiponya pa mbaula yoyaka bwino mphindi zochepa, kenako n'kuidula mopingasa mitsempha yake, palibe angakuuze kuti si ya ku South Side, kum'mwera kwa mzinda wa San Antonio. Chimene chinakanika ndi queso, tchizi wosungunula uja wa Velveeta ndi tomato wa m'chitini wa Ro-Tel. Tchizi kuno n'ngodula, ndipo ukamusungunula amalekana ndi mafuta ake. Ameneyo ndinangomutaya m'maganizo, ndipo sindinamulire.

Mwana anayamba kudya. Koma tsiku lina akupukuta mbale anandiuza kuti, "Amayi, n'zokoma, koma si za Señora zija."

Ankanena tortilla ya chimanga. Apa mpamene panali ntchito. Munthu ungaganize kuti m'dziko la chimanga ngati lino n'zosavuta, koma ufa wathu, kaya woyera kaya mgaiwa, sugwirana ukaukanda ndi madzi ozizira. Ukayala umang'ambika m'mbali, ukati unyamule wagwa zidutswazidutswa. A ku Mexico chimanga chawo amayamba achiphika chosakonola m'madzi a laimu, n'kuchisiya chigone momwemo usiku wonse. Laimuyo amasungunula khungu la chimanga ndi kusintha mkati mwake, moti ukachipera chonyowa chimatuluka chomata, chogwirana, ndipo fungo lija limachokera pamenepo. Amachitcha nixtamal, ndipo chikaperedwa ndiye masa. Ku Texas ndinkangogula ufa wake wa Maseca m'paketi. Kuno ndinazungulira masitolo akuluakulu osaupeza. Laimu wopaka nyumba wa m'mahadiweya ndinamuopa, poti sindinkadziwa zimene amasakanizamo, ndipo inunso musayerekeze kuika ameneyo m'chakudya.

Nthawi imeneyo kunyumba kunali azakhali, alongo awo a malemu bambo anga, amene anabwera kudzaonetsa maso kuchipatala. Ndinkafotokozera bambo a mwana za laimuyo, iwo ali pamkeka akusankha nyemba.

"Iwe Naphiri, mankhwala ukufunawo ntchito yake n'chiyani?"

"Kufewetsa khungu la chimanga, Azakhali, kuti lizisupuka."

"Nanga chidulo chinakulakwira chiyani?"

Ndinakhala chete, poti Señora anandiuzapo kuti kumidzi ina kwawo amaphika ndi phulusa la nkhuni laimu akasowa. Ndi ntchito imodzimodzi: madzi a phulusa ali ndi ukali womwe uja umene umafewetsa therere ndi chigwada. Ine, mwana wa ku Ntcheu, ndinali nditazungulira tauni yonse kufunafuna chinthu chimene azakhali amachipanga ndi chitini chobooka pansi.

M'mawa mwake anatuma mnyamata kukapempha zitsononkho ndi mapesi kwa anansi olima kuseri kwa nyumba. Anaziwotcha pa lata mpaka phulusa kuyera, analiika m'chitini chija ataika kaudzu pansi, n'kumathira madzi pang'onopang'ono, akudontha m'mbale. Analawa ndi nsonga ya lilime, nathiranso madzi omwewo kachiwiri kuti akalipe. Tinatenga chimanga cha makolo cha m'thumba limene anabwera nalo, pafupifupi kilogalamu imodzi, n'kuika mu mphika wadothi. Wa aluminiyamu anaukana, akuti chidulo chimaudya, ndipo n'zoona.

Chimanga chitangolowa m'madzi otenthawo chinasintha mtundu ife tikuona, choyera chija kukhala chachikasu. Fungo linakwera. Mwana anali kuchipinda akulemba za kusukulu, koma anatulukira pakhomo la khitchini cholembera chili m'manja, osalankhula kanthu, akungonunkhiza.

Chimanga cha makolo n'cholimba, choncho chinatenga nthawi yoposa ola chikuwira pang'onopang'ono. Muyeso wake ndi zala: utenge njere imodzi, uifikise, khungu likaterereka n'kuchoka, ndipo ukailuma kunja n'kofewa koma pakati pakadali poyera, phula. Chikapsa kwambiri masa amamata m'manja osayalika. Tinachivundikira chigone. Kutacha tinachitsuka m'madzi angapo, tikufikisa ndi manja mpaka madzi kuyera ndi uterezi kutha.

Azakhali akutsuka anandikumbutsa za anthu othawa nkhondo a ku Mozambique amene anadzaza m'maboma a m'malire ine ndili mwana, kuti ena khungu linkawada ndi kusupuka m'khosi ndi m'manja. Matenda amenewo ndi pellagra, ndipo mu 1990 anagwira othawa nkhondo oposa 18,000 m'dziko muno, mtedza utasiya kubwera pa chakudya chimene ankalandira. Amayamba munthu akamadya chimanga chokhachokha, chifukwa vitamini wotchedwa niacin amene ali m'chimanga amakhala womangika, thupi silitha kumutenga. Laimu kapena phulusa limamumasula. N'chifukwa chake a ku Mexico akhala akudya chimanga zaka zikwizikwi matendawa osawavuta kwenikweni. Zombo zija zinabweretsa mbewu, kaphikidwe kake n'kutsala komweko. Nditawafotokozera, azakhali anangoti, "Ndiye kuti anthuwo ndi ochenjera," n'kupitiriza kutsuka.

Kupera ndiye kunatitulutsa thukuta. Kuchigayo anatibweza, akuti chonyowa chitseka sefa. Tinasinja mumtondo, ine ndi azakhali mosinthana, koma chinatuluka cha misere. Tsono iwo anakumbuka kuti mayi ena a kutchalitchi kwathu ali ndi mphero yoperera mawere, ndipo tinakaibwereka pa wilibala. Azakhali anagwada, maso odwalawo atatsinzina, akuwaza timadzi ndi zala, mwala ukupita ukubwera, ndipo kutsogolo kwa mphero kunayamba kugwa masa osalala, ofewa. Ine nditayesa, mawondo ndi msana zinandikana msanga.

Ndinaumba timipira, n'kuika pakati pa jumbo yong'amba pawiri, n'kusindikiza ndi kunsi kwa poto. Chiwaya chinali pa mbaula, chouma, chotentha kwambiri. Ukaika udikire m'mbali muyambe kuuma, utembenuze, udikirenso kotalikirapo, utembenuze kachiwiri. Pamenepo, ngati zonse wachita bwino, tortilla imafufuma, nthunzi itadzaza mkati. Zoyambirira sizinafufume. Ina itafufuma mwana anakuwa m'Chisipanishi, chinenero chimene sanachilankhulepo chichokereni ku Texas, ndipo anaitola ndi manja ikuwotcha, anawaza mchere, naipinda n'kudya ataimirira, monga ankachitira kwa Señora.

Sizinali ndendende. Chidulo chimasiya kakomedwe kake, kautsiutsi, ndipo zathu zinali zochindikala kuposa za makina. Koma madzulo amenewo tinadya ndi nyemba zokanya, nyama ya pa mbaula ndi tomato wa kambuzi, ndipo mwana anadya mpaka bambo ake anamuletsa.

Azakhali anadya ziwiri mwaulemu. Anati zikuwakumbutsa chimanga chootcha, ndipo anafunsa ngati angatenge zotsala popita kumudzi kuti akaonetse anzawo a kumpingo. Kenako anasamba m'manja, anakhala pang'ono, n'kundiyang'ana.

"Zakoma, Naphiri. Tsono teleka madzi a nsima, tidye tigone."

Ndinateleka. Mphero ija tinaibweza patapita sabata, mwini wake atatumiza mwana kawiri kudzaifunsa, ndipo bambo a mwana anandigulira kamakina kopukusa ndi manja koperera nyama, kamene ukabwereza kangapo kamagwirako ntchito. Tinayamba kuphika nixtamal Lachisanu lina lililonse, chifukwa ndi ntchito yofuna munthu wopanda kopita m'mawa mwake. Zimenezi zinasokonekera nditaitanidwa kuntchito yanga yoyamba kuno kwathu, kumene anandiuza kuti mapepala anga a ku Texas sakuwadziwa. Nkhani imeneyo ndi ya gawo 18.