merge() kapena update(): object ikatuluka mu session

Pulogalamu imene ndikulembera kasitolo ka zipangizo zomangira kuno ku Zomba ikuyendera Hibernate (chida cha Java cholumikizira pulogalamu ndi database, mosungiramo deta), ndipo chimene chikundidyera nthawi ndi kusunga object (deta ya katundu imene pulogalamu yatenga mu database) imene yatuluka kale mu session (nthawi imene Hibernate imakhala ikulondola ma object amene yatenga). Kalaliki amatsegula tsamba la simenti, session n'kutsekeka, iye n'kumasintha mtengo pang'onopang'ono uku netiweki ya ku Chinamwali ikudukaduka. Podzadina batani losungira, Hibernate object ija sakuidziwanso.

Njira zosungira object yotereyi zilipo ziwiri, update() ndi merge(). update() imangoimata object yomweyo mu session yatsopano osafunsa database. N'zachangu, koma ikapezamo object ina ya id (nambala yoizindikirira) yomweyo imakana n'kuponya vuto lotchedwa NonUniqueObjectException. merge(), imene ili mu JPA (muyezo wa Java umene Hibernate imatsatira) kuyambira 2006, imayamba yawerenga mzere wa object ija mu database ndi SELECT (lamulo lowerengera deta), n'kukopera zonse pa object ina, n'kukubwezera imeneyo. Yako yakale imatsala panja, ndipo ukapitiriza kuisintha palibe chimene chisungike.

Ine ndili mbali ya merge(), ndipo SELECT yowonjezerayo sindiidandaula. Ngakhale Hibernate 6 inaika update() m'gulu la zofunika kusiya. Chondidetsa nkhawa n'chakuti merge() sisankha. Fomu ikabwera dzina la wotigulitsa katundu lili null (lopanda kanthu), null yomweyo ndi imene ilowe mu database. Choopsa kwambiri, ngati wa kusitoko wachotsera matumba amene agulidwa kalaliki akadali pa fomu, nambala yakale imafufuta yatsopano mwakachetechete, ndipo mwini sitolo amawerengera simenti imene kulibe.

N'chifukwa chake tebulo lililonse la katundu ndaliikira @Version (nambala imene imakwera nthawi iliyonse mzere ukasinthidwa), kuti wobwera mochedwa akanizidwe ndi OptimisticLockException. Pa mafomu ang'onoang'ono ngati a mtengo ndimangotenga mzerewo mwatsopano ndi find(), n'kusintha mtengo wokhawo.