Khadi Lotchipa la Amalume

Aliyense amene anasewerapo Civilization VI akudziwa kuti gemu ya pakompyuta imeneyi, yomanga ndi kulamulira ufumu mosinthana mipata, imayamba mwaulemu. Uli ndi kamudzi kamodzi ndi msilikali mmodzi wa chibonga, ndipo dziko lonse n'losadziwika. Ukadina batani loti mafumu anzako, omwe amayendetsedwa ndi kompyuta, nawonso asewere, usanakande n'komwe pamphuno mpata wako wabwerera kale. Chipwirikiti chimayamba zaka zikamapita. Pofika nyengo ya mafakitale dziko limakhala ladzaza mizinda, mfumu iliyonse ili ndi asilikali, amalonda, akazitape ndi ofalitsa chipembedzo chake, ndipo apa m'pamene kompyuta yanga inkayamba kuwefuka. Ndikasuntha mapu, chithunzi chinkabwera modukizadukiza. Ndikadina batani lija ndinkatha kudzuka, kukaona ngati chitseko n'chokhoma, kucheza pang'ono ndi mayi akunyumba, n'kubwerera kudzapeza Cleopatra, mmodzi wa mafumuwo, adakaganizabe.

Kompyutayo inali ya mu ofesi, yogula kwa ena: kabokosi kopyapyala, purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Intel Core i3-4130 ya 2013 yokhala ndi ma core awiri, kutanthauza timitu tiwiri toganizira. Zithunzi zinkajambulidwa ndi kachigawo ka m'kati mwa purosesa momwemo, kotchedwa HD 4400. Graphics card, khadi lapadera lojambula zithunzi, munalibe. Ine pokhala munthu womva zinthu msanga, ndinadziwiratu kuti matenda ndi amenewo.

Ndinayamba ndi kufufuza, chifukwa ine sindigula chinthu mwachimbulimbuli. A Firaxis, omwe anatulutsa gemuyi mu 2016, safuna zambiri. Khadi la memory (mosungira zomwe likujambula) ya 1GB likwanira kuti gemu iyake, ndipo kuti uimve kukoma amatchula makhadi ngati GTX 770 ndi Radeon HD 7970, omwe ndi nkhalamba zokhazokha. Ndiye pafupifupi khadi lililonse lodzilemekeza likanandithandiza. Chosokoneza pamsika wa makhadi ndi manambala. Munthu ukaona GT 1030 ndi GTX 970 umaganiza kuti wamkulu ndi 1030, pomwe zoona zake n'zakuti 970 ikhoza kuinyamula 1030 ndi dzanja limodzi. Manambala oyamba amanena mbadwo, awiri omaliza ndi amene amanena mphamvu. Kulinso GT 730 yolembedwa 4GB ndi zilembo zikuluzikulu pakatoni, koma ya memory yochedwa ya DDR3. Nayo GT 1030 ili pawiri, ya GDDR5 ndi ya DDR4, dzina limodzi koma liwiro losiyana kutalitali. Zonsezi ndinaziwerenga, n'kumagwedeza mutu pomvera chisoni anthu omwe amapusitsidwa ndi manambala.

Ndili ndi mphwanga, mwana wa achemwali anga, yemwe za makompyuta amazidziwa kuposa za kusukulu. Nditamutumizira chithunzi cha m'kati mwa kabokosi kanga, anaimba foni nthawi yomweyo.

"Amalume, gulani GTX 1050 Ti kapena GTX 1650, koma muonetsetse kuti ndi low profile, lalifupi lija. Limadya magetsi a mawati 75 okha, ndipo limawatenga pamalo pomwe mwalizikapo. Silifuna waya wina. Komanso amalume, za kudikira zija..."

"Iwe, zinazo ndawerenga kale," ndinamudula.

Akuluakulu anati mawu a akulu amakoma akagonera. Za mawu a ana sananenepo kanthu, ndiye sindinaone chifukwa chowasungira.

Usiku womwewo ndinapeza pa intaneti Radeon RX 580 yogwirapo ntchito kale. Ya 8GB. Makhadi a mphwanga aja ndi a 4GB. RX 580, ngakhale ndi ya 2017, imawaposa onse awiri mphamvu, ndipo mtengo wake unali wotsikirapo. Chifukwa chake ndinachipezanso: makhadi amenewa ankagulidwa mwaunyinji ndi anthu okumba ndalama za pa intaneti za Ethereum, omwe ankawayatsa usana ndi usiku. Mu September 2022 Ethereum inasintha kachitidwe kake, makhadi sanafunikenso, ndipo ambiri anakhuthukira pamsika. Mphamvu zambiri, memory yowirikiza, ndalama zochepa. Pa masamu amenewa panalibe wonditsutsa, ndipo mpaka lero ndikuti anali masamu olondola.

Khadi litafika, ndinadabwa kulemera kwake. Mafani awiri, zitsulo zozizirira zonyezimira, utali wake kuyandikira mkono wanga kuchokera pachigongono. Ndinatsegula kabokosi kaja, n'kuyang'ana khadi, n'kuyang'ananso kabokosi. Zinali ngati ukufuna kulowetsa matiresi a anthu awiri m'khola la nkhuku. Ndinachotsa choikamo ma DVD kuti utali ukwane. Ndinamasula kachitsulo ka kumbuyo kwa khadi chifukwa kanali katali kuposa bokosi lenilenilo. Pamapeto pake khadi linakhala pamalo pake, kuti khethe, koma mutu uli panja, moti chivundikiro cha m'mbali ndinangochitsamiritsa kukhoma kuti chizionerera.

Apa m'pamene ndinaona kuti pamwamba pa khadi pali timabowo 8, mizere iwiri, tikudikira waya. Ndinapapasa mawaya onse a m'bokosimo, ngakhale omangidwa pakona omwe chiwapangireni palibe anawakhudza. Wolowa pamenepo panalibe. Ndinaganiza kuti mwina timabowoto n'tokongoletsa chabe, n'kuyatsa. Sikirini inangoti bii.

Zinapezeka kuti malo ozikapo khadi pa motherboard, bolodi lalikulu pomwe zigawo zonse zimalumikizidwa, amapereka mawati 75 basi. Khadi lofuna oposa pamenepo limatenga ena kudzera pa waya wochokera ku power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta: wa mapini 6 amawonjezera 75, wa mapini 8 amawonjezera 150. RX 580 payokha imafuna mawati 185, ndipo imalangizidwa kuti iziyendera power supply ya mawati 500. Yanga pachikalata chake panalembedwa 240, oti agawane purosesa, disiki ndi china chilichonse m'nyumbamo.

Ndinagula power supply ya 500. Nayonso inakana kulowa m'kabokosi, chifukwa ma power supply a mabokosi opyapyala amakhala ataliatali ndi owonda, pomwe iyi inali yonenepa mbali zonse. Ndinaiika pakampando pambali, mawaya n'kumalowera pomwe panali chivundikiro. Mayi akunyumba atalowa anaima pakhomo kanthawi ndithu.

"Bambo, kodi kompyuta yachita ngozi?"

"Ayi mayi, ikukwezedwa udindo."

"Nanga matumbo ali panjawa?"

Anandiuza modekha, kudekha kumene ndimakuopa kuja, kuti m'nyumba yodutsa ana simungakhale mawaya a magetsi ali yandayanda. Ndinagula bokosi lalikulu. Kusamutsa motherboard kunandidyera madzulo onse, makamaka timawaya ta batani loyatsira, tomwe zilembo zake analembera anthu a maso a mphamba. Mayi anatenga pepala n'kuwonkhetsa: khadi, power supply, bokosi. Anati zonsezi pamodzi zapitirira khadi lomwe ananena mwana uja. Ndinawafotokozera kuti power supply ndi bokosi ndi katundu wokhalitsa, sawerengeredwa limodzi. Anapinda pepala lija n'kulisunga, zomwe zinandidetsa nkhawa kuposa akanayankha.

Koma chinthu chinayaka. Ndinalowetsa mawaya onse kumbuyo monga ndimachitira nthawi zonse, n'kudina batani, Windows n'kutuluka bwinobwino. Ndinatsegula gemu n'kukweza zithunzi zonse mpaka pamapeto. Inadukiza koopsa. Ndinati n'zomveka, khadi lachokera kumgodi, liyenera kuzolowera kaye ntchito ya mu ofesi. Ndinatsitsa pang'ono, n'kutsitsanso, mpaka inayamba kuyenda. Ndipo ndikuuzeni, maso anga anaona kusintha. Nyanja inali yobiriwira kwambiri. Mapiri anali osongoka kuposa kale.

Ndinaitana alamu anga kuti adzaone. Iwo gemu saidziwa, koma ndi munthu waulemu.

"Alamu, taonani nyanjayo. Mukuwaona mafundewo?"

Anasendera pafupi, n'kuvula magalasi, n'kuwavalanso. "Eya, akuonekadi."

"Tsopano tamverani."

Tonse tinatchera khutu. Zii. Ndinawaonetsa kuti mafani onse awiri a khadi aima, osazungulira ngakhale pang'ono. Makhadi ambiri a masiku ano amaimitsa mafani akakhala kuti sanatenthe, ndiye ndinawafotokozera kuti langali gemu yonseyi likuiona ngati masewera a ana. Ndinawagwiritsa chala pachitsulo chake. Chinali chozizira kuti zizizi. Alamu anati sanaonepo makina ogwira ntchito yaikulu chonchi osatuluka thukuta, ndipo ine ndinavomera kuti n'zosowadi.

Mphwanga anabwera Loweruka. Sikirini sanaiyang'ane n'komwe. Anagwada, n'kukokera bokosi kutsogolo, n'kusuzumira kumbuyo. Ndinaona mapewa ake akugwedezeka.

"Amalume, waya wa HDMI uyu mwamulowetsa pati?"

"Pamalo pake."

"Apa ndi pa motherboard. Mabowo a khadi ndi awa ali m'munsiwa, ogona chopingasawa. Taonani, tizivindikiro take tapulasitiki simunachotse n'komwe."

Ndiye kuti masiku onsewo, wojambula nyanja ndi mapiri osongoka aja anali HD 4400 yemwe uja. Khadi la 8GB, la power supply yakeyake ndi bokosi lakelake, linkangokhala m'menemo ngati mlendo, kumadya magetsi pang'onopang'ono. Ndinamuuza mwanayo kuti ndinachita dala, pofuna kuyesa kaye motherboard nditaisamutsa, ndipo kuti amisiri enieni amatero. Anati, "Chabwino amalume," koma anatuluka panja kukatsokomola nthawi yaitali. Alamu nawo nkhani itawapeza anaimba foni kunena kuti mafunde aja sanawaone, kungoti sanafune kundikhumudwitsa pamaso pa mayi.

Waya atasamutsidwa ndi madiraiva (mapulogalamu oyendetsa khadi) ataikidwa, ndinaona zomwe ndinalipirira. Pamgodi wa miyala panali tianthu tikugwira ntchito. Utsi unkatuluka m'mafakitale, mitengo inali ndi zithunzithunzi zake, dzuwa likamalowa mizinda inkayatsa nyali. Mafunde analipodi, oyera, akumenya gombe. Mafumu omwe ndinkawadziwa ngati zithunzi zoima anayamba kuyenda ndi kupukusa mitu, moti Gilgamesh atatambasula manja ndinabwerera m'mbuyo ndi mpando. Mafani aja nawo anadzuka, ndipo sanadzuke mwaulemu. Mayi anafunsa ali kuchipinda china ngati kunja kwayamba mphepo. Mphwanga anayatsa V-Sync kuti khadi lisamajambule zithunzi zoposa 60 pa sekondi zomwe sikirini yanga imatha kuonetsa, phokoso n'kutsikako.

Kenako ndinakhala bwino, n'kuwongola msana, n'kudina batani loti ena asewere.

Tinadikira. Mphwanga anayang'ana kudenga. Ine ndinayang'ana mafunde, omwe anali okongola zedi. Tinadikirabe.

"Iwe, waya wina walakwikanso."

"Ayi amalume. Ndi zija ndinkafuna kukuuzani pafoni."

Anatsegula pomwe gemuyi imadziyesera yokha. Pali mayeso awiri, a zithunzi ndi a AI. Oyambawo khadi linawakhoza mochititsa kaso. Achiwiriwo amawerenga masekondi omwe mafumu a kompyuta amatha poganiza, ndipo pamenepo khadi lilibe mawu. Ntchito ya khadi ndi kujambula basi. Koma kuti msilikali aliyense wa mfumu iliyonse adutse njira iti, mzinda uliwonse umange chiyani, ndani alengeze nkhondo kwa ndani, zonsezo amawerengera ndi purosesa, mfumu imodzi ikatha inzake. Ine ndimasewera pa mapu aakulu kwambiri, a mafumu 12, osawerengera timizinda todziimira patokha. Khamu lonselo linkaima pamzere pakhomo pa ma core awiri a 2013.

Mwanayo analowa m'masetingi n'kuyatsa Quick Movement ndi Quick Combat, kuti asilikali azingofika pomwe akupita osaonetsa kuyenda ndi kumenyana konse. Kudikira kunachepako ndithu. Ndinamufunsa kuti zimenezo zimagulidwa kuti. Anati n'zaulere, zinalimo chiikireni gemuyo. Anawonjeza kuti nditasewera pa mapu aang'ono, a mafumu 6, ndiye kudikirako kungatsike kwambiri. Ndinamuuza kuti sindinagule khadi la 8GB kuti ndizilamulira kadziko kongokwana pachikhatho.

Chiyambire tsiku limenelo mphwanga sasowa pakhomo pano. Amabwera ndi magemu ake a mpira ndi a mipikisano ya magalimoto, omwe khadi lija limawathamangitsa mosaona nkhope, ndipo amauza anzake kuti amalume ake amadziwa kusankha. Ine ndimapatsidwa mpata iye akatopa.

Sabata yatha tili pabalaza ndinamufunsa za purosesa. Anati yankho ndi losavuta: Core i7-4790, ya ma core anayi, imalowa pa soketi yomweyo ya LGA1150, ndipo yogwirapo kale ntchito sivuta kupeza. Kumasula yakale, kupaka mafuta ozizirira, kuika yatsopano, basi. Ndinatulutsa foni n'kumuonetsa yomwe ndinali nditapeza kale, Core i3-12100 ya 2022.

"Iwe, 12100 ndi 4790, wamkulu ndani?"

"Imeneyo ndi yothamangadi amalume, koma pa motherboard yanu siilowa. Ifuna ina ya LGA1700. RAM yanunso, memory ya kompyutayo, ndi DDR3, ndiye mugulenso ina."

"Zimenezo ndi katundu wokhalitsa."

Mayi anadzuka osanena kanthu, n'kupita kuchipinda, n'kubwera ndi pepala lija. Analitambasula patebulo, n'kutenga foni m'manja mwanga, n'kuipereka kwa mwanayo.

"Mwanawe, uwagulire iweyo. Iwowa uziwauza zikafika."