Akamba anayi ananditengera mlandu pa maliro

Kamakina kameneka ndinakagula ku Kamwala mu Lusaka, kaja ka ku China kooneka ngati Game Boy koma kodzadza ndi magemu akale mazanamazana, ndipo ine mwa onsewo ndimasewera imodzi chabe, Teenage Mutant Ninja Turtles II ya Konami, ija inatuluka pa makina a Nintendo otchedwa NES mu 1990 kuchokera ku ya mu arcade ya 1989. Amene munakulira pa ma TV game a katiriji yachikasu mukuidziwa. Umangoyenda kupita kumanja, asilikali a Foot Clan akutuluka mbali zonse mpaka m'maenje a mumsewu, iwe kumenya, kudumpha, kumenya, magazi akatsala pang'ono udye pizza ili pansi, uyendenso. Palibe zoganiza. Mwa akamba anayi a mu gemuyi ine ndimatenga Donatello wa ndodo, nkhani za Raphael ndi timipeni take tifupitifupi sindifuna kumva.

Manje ba landilodi athu ku Matero anamwalira. Munthu wabwino ndithu, kungoti ine ndi iwo tinali titakanganapo za lendi pa geti anthu akuona, ndipo ngongoleyo inali ikadalipo, komboni yonse ikudziwa. Nde kugona pa maliro kunali kosathawika, ukapanda kuoneka anthu amalankhula.

Usiku azimayi ali m'nyumba akuimba nyimbo za tchalitchi, ife azibambo panja mu tenti tazungulira moto, kuzizira kwa June kuja kolowa mpaka m'mafupa. Nkhani za mpira zinatha, za ndale zinatha, madala ayamba kuwodzera pa mipando ya pulasitiki. Ndinakokera mpando kumbuyo, kufunda jekete kumutu, maiyafoni m'makutu, kuyatsa kamakina. Ndipo usiku umenewo zala zinali bwino kwabasi! Rocksteady, chipembere cha mfuti, ndinamudutsa m'nyumba yoyaka moto ija osataya moyo, mnzake Bebop chimodzimodzi, mpaka ndinalowa mu Technodrome, likulu la adani, ndinamaliza Krang, kutsala Shredder yekha, mdani womaliza, amene sindinamugonjetsepo kuyambira ndili mwana. Mdalayu ndi wachinyengo, amadzigawa kukhala awiri, ndipo ali ndi kuwala kwina kwake kukakukhudza umasanduka kakamba wamba, moyo wapita pompo. Ndatsala ndi moyo umodzi, manja thukuta, ndikudumpha ndikumenya ndikuthawa, kenako ndinangoona wagwa.

Maiyafoni ndi oipa abale, sumadzimva mawu ako. Ndinaimirira jekete ili kumutu nkukuwa kuti, "Wafa! Wafa mdala uja! Zaka zonsezi wakhala akundizunza, lero ndamumaliza ndi manja angawa!"

Nditachotsa jekete ndinapeza tenti yonse yadzuka, nyimbo m'nyumba zaima, azimayi adzadza pakhomo zitenje m'manja. Mwana woyamba wa malemu ananyamuka ndi chikuni cha moto, anthu awiri anamugwira. Mng'ono wa malemu, mdala wa ku Chipata wa chikhoti chachitali, anangoti, "Mwana wanga, bwera ukhale apa. Wamumaliza ndani?"

Ine kugwada, ati atate ndi gemu chabe, onani. Anatenga kamakina, anavala magalasi, nkuti ndifotokoze bwinobwino pamaso pa anthu. Apa mpamene ndinazindikira kuti nkhani ya katuni ya 1987 ija, imene tonse tinaikonda, siimveka bwino ukamaifotokoza pa maliro pakati pa usiku. Ndinati ndi akamba anayi atate. "Akamba ako?" Ayi, ndimangowayendetsa. "Umawayendetsa usiku." Ndinati amakhala m'mipope ya zonyansa pansi pa New York, ndipo mphunzitsi wao ndi khoswe. "Khosweyo amalankhula?" Amalankhula atate, dzina lake Splinter. Mayi wina pakhomo anati Yesu wanga. Ndinayesa kukonza, ndinati adani ake ndi amene ali oipa, wina ndi munthu anasanduka chipembere, wina njiri, wina ndi ubongo chabe umakhala m'mimba mwa chimunthu chachitsulo, nde mmene ndikuwonjezera mipando ya pafupi nane ikusunthira kutali, mpaka ba dikoni anayamba pemphero osapemphedwa ndi munthu.

Anandipulumutsa ndi kamdzukulu ka malemu, kamnyamata ka giredi 6, kanatuluka kokagona nkuti, "Agogo, ni ma Ninja Turtles aya, ali na pa TV." Kanatenga kamakina, kanayambitsa gemu, ndipo madala onse anaunjikana kumbuyo kwake kuonerera Michelangelo akuzunguza timitengo take. Mdala wa chikhoti anayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti nanga ofiirirawa akumenyedwa chonchi analakwa chani, ndipo bwanji kambayo akudya chakudya chotola pansi.

Mlandu unaweruzidwa m'mawa tisanapite ku manda a Chingwere. Ufiti anandichotsera, koma kukuwa pa maliro ayi. Anandilamula kupepesa kwa amayi a nyumba nditagwada, kugula thumba la makala ndi nkhuku ziwiri za anthu a pa maliro, ndipo lendi yonse ya m'mbuyo ndilipire mwezi usanathe, poti ati munthu wokhala ndi ndalama zogulira akamba sangasowe ya nyumba. Kamakina anati kakhala kaye ndi akuluakulu a banja mpaka ndimalize kulipira.

Ndinamaliza kulipira, koma kamakina kanapita ku Chipata m'thumba la chikhoti chija. Sabata yatha mdalayo wandiimbira foni, moni wake waufupi, ati mwana wanga tumiza chaja pa basi, ndiponso undiuze, chipembere chamfutichi ndimachipha bwanji, chandivuta.