Ndalowa chaka chachitatu, abale!

Zotsatira zatuluka lero. Ndakhoza maphunziro onse a chaka chachiwiri cha uinjiniya wa zamagetsi ku University of Zimbabwe, ngakhale masamu a ma transformer (makina okweza ndi kutsitsa mphamvu ya magetsi) amene anandisowetsa tulo miyezi itatu yathunthu.

Nditafika kwathu ku Mufakose ndinathamangira kwa agogo aamuna. Iwowa anachoka ku Dedza ali mnyamata kukagwira ntchito ku mgodi wa malasha ku Hwange, nthawi imeneyo kukutchedwa Wankie. Ndinawafotokozera kuti malasha ngati amene ankakumbawo amawiritsa madzi, nthunzi yake imazunguza makina a mapiko otchedwa turbine, turbine n'kuzunguza jenereta, ndipo magetsiwo amakwezedwa kufika pa 330 kV (ma volt 330,000) kuti ayende mtunda wautali osatayika ambiri m'mawaya. Akafika m'makomo mwathu amatsitsidwanso. Agogo anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye iwe ukuphunzira zimene ife tinkanyamula pamsana." Misozi inalengeza, sindinama.

Chimene chimandikoka mtima kwambiri ndi Kariba, damu la pa mtsinje wa Zambezi limene madzi ake amapanga magetsi. Mvula ikavuta kumtunda kwa Zambezi madzi amatsika, ndipo tonsefe timaona mdima m'Harare muno. Mchemwali wanga wataya kangapo nyama ya bizinesi yake mufiriji. Nchifukwa chake ndikufuna kuzama pa za magetsi a dzuwa ndi mabatire, zinthu zoti zithandize banja ngati lathu.

Amayi, ndalama za kombi zija zimene munkandipatsa mutagulitsa tomato ku Mbare sizinapite pachabe. Lolemba ndiyamba kufunafuna malo a attachment. Amene mukudziwa kampani yolandira ophunzira, ndiuzeni chonde.