Ulendo wathu wa ku Ōarai ndi mlandu wa Maho

Lipoti ili ndalembera anzathu a m'gulu amene simunathe kupita nawo, makamaka inu amene munasonkha ndalama koma mayeso anakutsekerani. Tinapita anthu 7, tonse ophunzira a ku Malawi okhala ku Tokyo ndi madera oyandikana nako. Pangano linali lokumana pa siteshoni ya Ueno 7 koloko m'mawa Loweruka, koma mmodzi wa ife, amene sindimutchula poti anapepesa kale ndi khofi, anabwera pa nthawi ya kumudzi. Sitima za kuno sizidziwa mawu oti "tadikirani pang'ono". Tinakwera yotsatira, ndipo patatha ola limodzi ndi mphindi zingapo tinatsika ku Mito. Kuchoka pamenepo ndi kasitima ka dizilo, mphindi ngati 15 basi, mpaka ku Ōarai, tauni ya asodzi ya m'chigawo cha Ibaraki, kumene kumachitikira nkhani ya Girls und Panzer.

Kwa amene simunaonerebe Girls und Panzer ngakhale a Tcheya akhala akukuchondererani chaka chonse: ndi katuni imene inayamba kuonetsedwa mu Okutobala 2012. M'dziko la nkhaniyi atsikana a kusekondale amapikisana pa masewera otchedwa senshadō, kumenyana ndi akasinja a nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, popanda wofa. Sukulu zawo zili pamwamba pa sitima zikuluzikulu za panyanja, ndipo doko la sukulu ya mwini nkhani, Miho Nishizumi, ndi Ōarai yemweyu. Misewu imene akasinja amathamangitsana pa kanema ndi misewu yeniyeni.

Chimene simungachione pa kanema ndi mmene tauniyi inaikumbatira nkhaniyi. Mu Malichi 2011 madzi a tsunami analowa m'tauni, kenako alendo anasiya kubwera poopa za ngozi ya nyukiliya ya ku Fukushima. Katuniyi inafika anthu ali pa mavuto otere. Lero pakhomo pa masitolo ambiri pali chithunzi cha mtsikana mmodzi wa m'nkhaniyi, chachitali ngati munthu, ndipo sitolo iliyonse ili ndi wake. Pa kasitolo kena kogulitsa zakudya zouma tinapeza agogo aakazi akupukuta chithunzi chawo ndi kansalu, pang'onopang'ono, kuyambira kumutu, ngati akukonzekeretsa mdzukulu kupita kutchalitchi. M'kati munali alumali yodzaza ndi timphatso tosiyidwa ndi alendo. Chijapanizi changa n'chothyoka, koma ndinamva kuti akufunsa kumene tachokera, ndipo titati Malawi anatenga mapu akale n'kutiuza kuti tiloze.

Pomwepo tinagula mbatata zoumitsa, hoshi-imo. Zimaoneka ngati makaka koma n'zofewa, zotsekemera, zomata m'mano. Ndi zimene Anzu Kadotani, mtsogoleri wa bungwe la ophunzira pa sukulu ya Miho, amangokhalira kutafuna m'nkhani yonse, ndipo mkangano woyamba unayambira apo. Msungichuma wathu samukhululukira Anzu. Akuti mtsikanayu anaopseza Miho, mwana amene anathawira ku Ōarai dala chifukwa kunalibe senshadō, mpaka kumukakamiza kukweranso kasinja. N'zoona. Koma pa mpikisano wolimbana ndi sukulu ya Pravda, timu itatsekeredwa m'nyumba yakugwa m'chipale chofewa, ndi pamene zimaululika kuti sukulu idzatsekedwa ngati sapambana chikho. Anzu ankadziwa kuyambira pachiyambi, n'kumangoseka ndi mbatata m'kamwa. Ine ndimaona kuti kusekako kunali kubisa mantha. Msungichuma anati mantha si chilolezo chopondera mwana wa eni. Tinazisiya pomwepo chifukwa mphepo ya kunyanja inali itatiumitsa zala.

Nkhomaliro inali ankō nabe, nsomba ya ankō yophikidwa mumphika ndi masamba. Nsomba ya ankō, imene timu ya Miho inatengera chizindikiro chake, ndi yonyansa nkhope kuposa mlamba wokalamba, kukamwa kokhakokha. Thupi lake n'loterera moti poitumbula amaipachika pa mbedza. Amadya pafupifupi chilichonse: khungu, zipsepse, chifu, ndipo chiwindi ndicho chimakometsa msuzi. Awiri mwa ife anangodya masamba ndi tofu, kudandaula kuti chikhala panali nsima.

Mphika uli pamoto, achemwali athu amene amaphunzira za unamwino anatulutsa m'chikwama mabuku awiri a manga (nkhani ya zithunzi zojambula) ya Little Army, yokamba za ubwana wa Miho, n'kuwaika patebulo ngati umboni kubwalo la mfumu. Apa ndi pamene ulendo unasanduka mlandu.

Zimene tonse tinkadziwa ndi izi. Miho anali wachiwiri kwa mtsogoleri ku Kuromorimine, sukulu imene inali itatenga chikho maulendo 9 otsatizana. Pa fainolo yolimbana ndi Pravda, kasinja wa anzake anagwera mumtsinje. Miho anasiya kasinja wonyamula mbendera, amene akangowomberedwa masewera atha, n'kudumphira m'madzi kukawapulumutsa. Kuromorimine inagonja, chikho chachikhumi chinapita. Mayi ake, Shiho, mwini wa mwambo wa banja la Nishizumi woti kupambana ndiko zonse, anamudzudzula. Ndipo mkulu wake Maho, amene ndiye anali mtsogoleri wa timuyo, pa kanema amangooneka ali duu, nkhope ngati mwala. Ambiri tinamutenga ngati kamtsikana kouma mtima kotengera mayi ake.

Little Army imabwerera m'mbuyo, Miho ali kupulayimale. Mnzake wa m'kalasi, Emi Nakasuga, amamuda Maho koopsa. Chifukwa chake n'chakuti pa mpikisano wina kasinja wa mbendera wa timu ya mkulu wake wa Emi anapita kukathandiza kasinja wa mbali ya Maho amene anali pangozi, ndipo Maho anamuwombera pomwepo n'kupambana. Kumva zimenezi ungati bukuli likungowonjezera milandu pa Maho. Koma chakumapeto zimadziwika kuti Maho anasankha kukhala wolowa m'malo mwa mayi ake, kutsata mwambowo ndendende ngakhale pamene ukumuwawa, n'cholinga choti Miho asamangidwe nawo, akapeze njira yakeyake.

A Tcheya anakana. "Achemwali," anatero, "buku limenelo anajambula ndi munthu wina, osati amene anapanga katuni. Mukufuna kuyeretsa munthu ndi umboni wochokera kunja. Pa kanema ndinaona mtsikana amene mng'ono wake akunyozedwa ndi Erika, wachiwiri kwa Maho ku Kuromorimine, m'lesitilanti, iye osamuteteza."

Achemwali anayankha modekha. Anati a Tcheya akaonerenso. Pamene agogo a Mako, woyendetsa kasinja wa Miho, anagwa n'kugonekedwa m'chipatala, ndani analamula kuti helikopita ya Kuromorimine iwanyamule atsikana a Ōarai, Erika akuwiringula? Ndi Maho. Shiho atanena kuti akufuna kumukana Miho, ndani anaumirira kuti aonere mpikisano mpaka kumapeto, n'kunena kuti kupambana kwa Miho si mwayi chabe? Ndipo mu filimu ya 2015, Miho atabwera kwawo mozemba kufuna chidindo cha kholo pa chikalata, amene anamuthandiza ndi Maho yemweyo, kenako anabweretsa akasinja ake kudzamenyera nkhondo Ōarai. Bukuli silinapeke Maho watsopano. Linangotchula mokweza zimene katuni inkanong'ona.

Ine ndili mbali ya achemwali, ndipo ndivomere kuti chifukwa changa si cha m'mabuku. Ndine mzime. Kwathu wachisamba ndi mlongo wanga, amene sanapitirize sukulu imene ankafuna chifukwa panafunika wina wotsala pafupi ndi makolo ndi kugwira golosale. Sanandiuzepo kuti akuchita zimenezo chifukwa cha ine. Ndinkangomuona ngati wovuta, wokonda kulamula, wolankhula ngati amayi. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo amene akulandira nkhonyayo kawirikawiri saoneka wokoma. Titawerengana patebulopo tinapeza kuti onse amene ankamuteteza Maho mwaukali anali achisamba, kupatula ine. A Tcheya ndi mwana mmodzi yekha m'banja mwawo. Titawakumbutsa anati imeneyo si mfundo.

Koma mfundo imodzi ya a Tcheya inandikhala. Anati kaya Maho anachitira chikondi kaya ayi, atsikana amene anawomberedwa akupita kukapulumutsa adani awo anawomberedwabe. Emi sanalakwe kukwiya. Ndipo chimene Maho anawomba tsiku limenelo ndi chomwecho chimene Miho anadzachita mumtsinje patapita zaka. Ndicho chifukwa chake ndimaona kuti chithunzi chofunika kwambiri m'katuni yonse si kuwomberana kwa kasinja wa Miho, Panzer IV, ndi wa Maho, Tiger I, pamapeto, koma pamene kasinja wa ana a chaka choyamba azima pakati pa mtsinje pa fainolo ya Ōarai ndi Kuromorimine, Miho n'kuzengereza, manja akunjenjemera, mpaka mnzake Saori kumuuza kuti apite. Amadumpha kuchoka pa kasinja wina kupita pa wina ndi chingwe m'chiuno. Ku Kuromorimine anasambira yekha. Ku Ōarai anzake akumuteteza ndi mizinga.

Za Erika sitinalowemo kwambiri chifukwa palibe amene anamaliza Phase Erika, manga imene imafotokoza mmene iye ndi Miho analili asanadane.

Madzulo tinakwera masitepe a kachisi wa Ōarai Isosaki. Pamatabwa amene anthu amalembapo zopempha zawo, ambiri ajambulapo atsikana omwewa, ena mwaluso lodabwitsa, ali pambali pa mapemphero a mayeso ndi a odwala. Kumunsi, chipata cha torii chaima pamiyala m'nyanja, mafunde akuchimenya. Ku Marine Tower sitinakwere, nthawi inatithera chifukwa cha mlandu uja.

Ndalama zotsala zili ndi msungichuma ndipo adzawerenga pa msonkhano wamawa. Pali maganizo oti tidzabwererenso mu Novembala pa chikondwerero cha ankō, chimene zaka zina chakhala chikusonkhanitsa anthu opitirira 100,000, choncho amene mukufuna malo ogona muyambe msanga. Mabuku awiri a Little Army anabwereka ndi a Tcheya m'sitima pobwerera, akuti akufuna akapezemo zolakwika. Achemwali akuti abweze asanapinde masamba.